Lachisanu Limene a Khembo Sanatsuke Ndodo

A Ambrosio Khembo anabadwa m'chaka cha 1951 pa komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Trelawney, kumadzulo kwa Harare, ndipo kufikira mwezi wa Novembala chaka cha 2023 anali asanagonepo kwina kulikonse kupitirira sabata imodzi. Bambo awo anachokera ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wapansi, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. A Khembo sanakaoneko kumeneko. Kwa zaka zambiri chitupa chawo chinkawatchula kuti ndi mlendo, ngakhale kuti dziko lina loti alitche lawo panalibe. Anzawo a Chishona akamanyamuka pa Khirisimasi kupita kumudzi, iwo ankatsala pa komboni, chifukwa mudzi wawo unali womwewo. Inenso ndinabadwira pa komboni imeneyo, ndipo ndimawatcha amalume ngakhale kuti si abale anga.

Makilomita asanu ndi awiri kuchokera pa komboni pali kalabu imene alimi achizungu anamanga kalekale, ndipo kuseri kwake kuli bwalo la gofu la timaenje tisanu ndi tinayi. Wosewera gofu amamenya kampira koyera ndi ndodo zachitsulo, ndipo ndodo iliyonse ili ndi chogwirira cha labala kumtunda kwake. Ndodozo zimakhala m'chikwama chachitali chimene munthu wina amanyamula pambuyo pa wosewerayo. A Khembo anayamba ntchito yonyamulayi mu 1963. Mkati mwa sabata ankasankha fodya m'shedi, Loweruka n'kukanyamula chikwama. Azungu atachoka mu 2002 bwalo linamera tsekera, koma patapita zaka eni mapulazi atsopano analitchetchanso, ndipo atafunsa ngati panatsala wina wodziwa ntchitoyo, anapeza kuti ndi a Khembo okha.

Chimene ankadziwika nacho kwambiri si kunyamula ayi, koma kutsuka zogwirira. Labala akagwiridwa miyezi ingapo amadzaza thukuta ndi fumbi, n'kuuma ngati chikopa chakale. A Khembo anali ndi njira yawo ya masiku awiri. Lachinayi ankatenga kachitini ka mafuta opopera, aja amene timathira pa loko yadzimbiri kapena pa tcheni cha njinga, n'kupopera pa kansalu, kenako n'kupaka chogwirira chilichonse ndi kuchikwecha ndi mswachi wakale. Mafutawo amasungunula litsiro mpaka m'timizere ta labala. Ankazisiya usiku umodzi. Lachisanu ankazitsuka katatu ndi sopo wobiriwira ndi madzi ofunda, n'kuziimika mumthunzi m'balani lakale lowotchera fodya. Pofika Loweruka chogwirira chinkamata m'manja.

"Mafuta amachotsa litsiro, sopo amachotsa mafuta," anandiuza tsiku lina. "Ukadumpha sopo, wapha munthu."

Ndinayesapo ndekha pa chogwirira cha njinga, ndipo n'zoona. Labala wopoperedwa mafuta amawala ngati watsopano, ndipo m'dzanja louma saterera kwenikweni. Dzanja likangotuluka thukuta amaterera ngati mlamba.

Nthaka ya pulazi imeneyi ndi mchenga wotuwa, umene fodya amaukonda. Pali ngodya imodzi yokha, kumpoto, pamene pali dothi lofiira lakatondo, ndipo ogwira ntchito akale anasankha pamenepo kuti pakhale manda chifukwa dzenje la m'katondo siligumuka. Ndinawerenga mitumbira 163. Ina ili ndi mitanda yamatabwa, ina ili ndi mbale zakale za pulawo zolembedwa ndi penti. Mayi Lestina, akazi a a Khembo, anaikidwa pamenepo mu 2016. Kumanzere kwa mtumbira wawo a Khembo anayala njerwa mozungulira malo opanda kanthu, ndipo ankawalambula mwezi ndi mwezi. Aliyense pa komboni ankadziwa kuti malowo ndi a yani.

Mwini pulazi, a Clemence Gwatidzo, anabwera mu 2003 kuchokera ku Harare. Sindingawatche munthu wankhanza. Sanathamangitse okalamba pa komboni monga anachitira ena, ndipo Lamlungu amawerenga mawu kutchalitchi. Koma mu Sepitembala chaka cha 2023 anaitanitsa pivoti, makina othirira aja oyenda pa mateyala mozungulira munda, kuti adzalime tirigu. Oyeza malo anabwera n'kukhoma zikhomo zomangidwa tinsalu ta pulasitiki. Mzere wa zikhomozo unadutsa pakati pa manda. Chikhomo chimodzi chinaima mapazi awiri kuchokera kumutu kwa mayi Lestina.

A Khembo anadikira pa geti masiku atatu kuti alankhule ndi mwini pulazi. Tsiku lachitatu galimoto inaima, galasi n'kutsika.

"Sekuru, nkhani ya manda sitingaikambe pa geti ngati tikugulitsana tomato," anatero a Gwatidzo, powatchula kuti agogo m'Chishona. "Loweruka ndikusewera ndi injiniya wa pivotiyo. Mudzandinyamulire chikwama. Tikamaliza tidzakhala pansi atatu, inu mudzanene zanu, iye adzanene ngati mzere ungasunthe."

"Zikomo, bwana."

"Koma ndodo zanga muzikonze bwino. Ulendo watha anandichititsa manyazi ameneyu."

Lachinayi m'mawa a Khembo anapopera ndi kukwecha ndodo zonse khumi ndi zinayi, n'kuzibwezera m'chikwama m'balani muja. Masana a tsiku lomwelo kunamveka kulira ku mzere wachitatu wa komboni. A Jasten, kapitawo wakale wa mabalani, anali atamwalira.

Mwa mwambo wathu manda sakumbidwa ndi abale a womwalira. Amakumba ndi adzukulu, anthu a mabanja ena, ndipo mdzukulu akaitanidwa sakana. A Khembo anali mkulu wa adzukulu. Iwo ndiwo ankalemba malire a dzenje, ndipo achinyamata akakumba mpaka pansi, iwo ankatsikamo kukasema kachipinda ka m'mbali momwe bokosi limalowa kuti dothi lisaligwere pamwamba. Pa komboni ponse panalibe wina wodziwa kusema kachipindako bwinobwino. Mdzukulu sabwerera kunyumba mpaka maliro ataikidwa. Ngakhale chakudya chimamutsatira konko. A Khembo anawerengera kuti mwambo udzatha Lachisanu cha m'ma 3 koloko, ndipo adzakhala ndi nthawi yokwanira yotsuka ndodo dzuwa lisanalowe.

Cha m'ma 12 koloko Lachisanu lija galimoto ya a Gwatidzo inadutsa pamsewu wa m'mbali mwa manda. Ankayendetsa ndi Lovejoy, dalaivala wawo, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu amene pakamwa pake sipatsekeka. Anachepetsa liwiro, n'kuona mutu wa a Khembo ukusuzumira m'dzenje.

"Achimwene!" anafuula, monga mmene a Chishona amatiitanira tonse a ku Malawi ndi ku Tete. "Mwalowamo kale? Dikirani pivoti ibwere, muzidzathiriridwa kawiri pa sabata!"

Adzukulu ena anaseka, ena anamutukwana. A Khembo anapukuta nkhope ndi thaulo limene linali m'khosi mwawo, n'kubwerera pansi. Sanadziwe kuti Lovejoy ankachokera ku balani. A Gwatidzo anali ataganiza zokagona ku Chinhoyi ndi kupita ku kalabu kuchokera konko, choncho anamutuma kukatenga chikwama. Lovejoy anaona zogwirira zikuwala, n'kuganiza kuti ntchito yatha.

A Khembo anapeza balani lopanda kanthu cha m'ma 4 koloko. Foni analibe. Anapempha mlonda wa pa geti kuti aimbe, koma foni ya bwana sinayankhidwe.

Loweruka ananyamuka kukucha, sopo m'thumba, thaulo lomwe lija m'khosi, ndipo anafika ku kalabu 7 koloko isanakwane. Anapita molunjika ku mpopi wa kuseri kwa khitchini. Unangotulutsa mpweya. Magetsi anali atazima masiku awiri, pampu sinkayenda, ndipo thanki inali gwa. Wophika anali ndi chigubu chimodzi cha madzi a tiyi, ndipo anati akhoza kuwagawirako madziwo chikwama chikafika. A Khembo anakhala pa khonde n'kumayang'ana msewu. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kutentha malata.

Galimoto inafika kutatsala mphindi zisanu kuti 9 koloko ikwane, ndipo injiniya, munthu wamtali wa chipewa choyera, anali atadikira kale poyambira masewera.

"Bwana, mundipatseko mphindi khumi ndi ndodozi," anatero a Khembo, akutsitsa chikwama.

"Za chiyani? Taonani mmene zikuwalira! Sekuru, mwagwira ntchito. Tiyeni, tachedwa."

Apa ndi pamene a Khembo analakwa, ndipo iwonso amavomereza. Akanatha kunena mawu ochepa okha, kuti ndodozi sizinatsukidwe. Nditawafunsa chifukwa chake sananene, anati munthu amene akukapempha chinthu chachikulu masana sayamba m'mawa ndi kuulula kuti ntchito imene anapatsidwa sanaimalize. Anaganiza kuti angathe kukonza okha mwakachetechete. Aliyense amene anagwirapo ntchito ku galaja ya pulazi amadziwa kuti manja a oilo amatsukidwa ndi dothi, chifukwa dothi limamwa mafuta. Thaulo lawo linali lodzaza fumbi la kumanda la dzulo lake. Choncho akuyenda pambuyo pa osewerawo ankasolola ndodo imodziimodzi, n'kuikulunga m'thaulo ndi kuipotokola mwamphamvu.

Pa kadzenje koyamba ndi kachiwiri zonse zinayenda bwino. A Gwatidzo anali atavala golovesi yoyera kudzanja lamanzere, monga amachitira osewera gofu, ndipo manja awo anali akadali ouma. Anapambana pa kadzenje kachiwiri, n'kuyamba kuimba mluzu. A Khembo ankaona malaya a bwana akuyamba kunyowa pamsana, kenako m'khwapa. Ankawerenga ndodo zimene apukuta. Zinali zisanu ndi imodzi.

Pa kadzenje kachitatu a Gwatidzo anasolola okha ndodo yaitali kwambiri, anapukuta chipumi ndi dzanja lamanja, n'kugwira. Anakweza ndodo, anaitsitsa ndi mphamvu zonse, ndipo inawapulumuka. Inauluka ikuzungulira, inadutsa pamwamba pa chipewa cha injiniya motsala pang'ono, n'kukakodwa m'nthambi za mtengo wa msasa.

Injiniya anagwira chipewa chake, kenako anaseka, n'kuitana a Gwatidzo kuti shefu, kutanthauza bwana. "Shefu, tikusewera gofu kapena tikusaka nkhanga? Mukanandiuza ndikanabwera ndi agalu."

Lovejoy, amene ankatsatira ndi mabotolo a zakumwa, anaseka mpaka kugwira mawondo. A Gwatidzo nawo anaseka, koma mwa mano okha. A Khembo anakagwedeza mtengo mpaka ndodo inagwa.

Pa kadzenje kachinayi anawapatsa ndodo imene anali ataipukuta kawiri. A Gwatidzo anaifinya kwambiri poopa kuti ingapulumukenso. Mutu wa ndodo unamenya pansi, chogwirira chinapotoloka m'manja, ndipo iwo anakuwa n'kugwira mkono pamfundo. Atatambasula dzanja lamanzere kuti aone, onse anayi anaona chinthu chimodzi. Chikhatho cha golovesi yoyera ija chinali chofiira, ndipo kufiirako kunali konyezimira.

Kuzungulira pamene anaimapo panali mchenga wotuwa wokhawokha.

Lovejoy anaika mabotolo pansi. Sankasekanso. "Shefu," anatero motsitsa mawu, "dothi limenelo pa dera lonse lino lili malo amodzi. Ndipo dzulo mdalayu ndinamuona ali m'dzenje mpaka m'khosi."

Kuti zimene zinatsatira zimveke, ndiyenera kunena chinthu chimene ife a m'makomboni timakula tikuchidziwa. Anthu ambiri a kuno amakhulupirira kuti ife ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique tili ndi mankhwala oopsa kuposa a wina aliyense. Zaka zanga zonse sindinaonepo umboni wake, ndipo ndikudziwa kuti m'nyumba ya a Khembo mankhwala amene analimo anali a chifuwa ndi a nyamakazi. Koma chikhulupirirocho chilipo, mwa ophunzira ndi osaphunzira omwe, ndipo munthu amene wakhoma zikhomo pamanda a anthu otere sakhala ndi mtima wokhazikika.

A Gwatidzo anavula golovesi ndi nsonga za zala, n'kuigwetsa pa mchenga. Sanayang'ane a Khembo. Anayenda kupita ku galimoto, Lovejoy pambuyo, ndipo injiniya anatsala akuyang'ana uku ndi uku asanawatsatire. Kukhala pansi kwa anthu atatu kuja sikunachitike. A Khembo ananyamula chikwama makilomita asanu ndi awiri kubwerera ku pulazi. Mlonda wa pa geti anali atamva kale, ndipo anakana kuchigwira. Chinagona panja, chotsamira mpanda.

Ndinafika pa komboni Lamlungu masana kudzapepesa maliro a a Jasten, ndipo ndinapeza nkhani itafalikira mizere yonse. Mkono wa bwana unali utatupa. Ena ankati watupa mpaka paphewa, ena ankati wada. Kalaliki wa mu ofesi, amene anawaona, anandiuza kuti unatupa pamfundo pokha, monga umatupira mkono wa munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi akamenya pansi ndi chitsulo. A Khembo anali ataitanidwa ku ofesi Lolemba 8 koloko.

"Amalume, nkhaniyi ndi ya mphindi zisanu," ndinawauza titakhala pakhomo pawo. "Tengani kachitini, tengani thaulo, tengani sopo. Poperani ndodo imodzi iwo akuona, muwagwiritse ndi dzanja lonyowa. Kenako muitsuke, muwagwiritsenso. Ndi munthu wophunzira, adzamvetsa."

"Adzamvetsa," anavomera.

"Ndiye mukatero?"

"Ndikatero, mayi," anandiyankha.

Lolemba anavala jekete la kutchalitchi n'kuika kachitini m'thumba lamkati. Zimene zinachitika mu ofesi ndinazimva kwa iwo eni ndiponso kwa kalaliki, padera, ndipo mawu awo amagwirizana. Akuyandikira ofesi anakumana ndi thirakitala ikuchokera kumpoto. M'ngolo yake munali mulu wa zikhomo, tinsalu ta pulasitiki tikadali pomwepo, kunsonga kuli dothi lofiira. Anafunsa kalaliki pakhonde, ndipo iye anawanong'oneza kuti bwana analamula dzulo kuti zikhomo zonse zizulidwe, ndipo pivoti ikaikidwe ku munda wa kudamu, ngakhale kuti nthaka ya kumeneko ndi yosauka ndipo injiniya anatsutsa.

A Gwatidzo anali atakhala kuseri kwa tebulo, mkono uli m'bandeji, Baibulo lili pambali. Mpando wa alendo unali utasunthidwa kufupi ndi chitseko.

"Sekuru, zaka makumi awiri ndakusungani pano. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, bwana."

"Ndinati tidzakambirana. Sindinatero?"

"Munatero."

"Ndiye ndiuzeni zoona, pamaso pa Mulungu. Munapaka chiyani pa ndodo zanga?"

Kalaliki akuti a Khembo anakweza dzanja n'kuligwiritsa pachifuwa, pamene panali thumba lamkati, ndipo linakhala pamenepo nthawi yaitali ndithu. Kunja thirakitala inali ikutsitsa zikhomo. A Khembo anandiuza pambuyo pake kuti pa nthawi imeneyo ankaona zinthu ziwiri zokha. Akatulutsa kachitini, bwana adzaseka, adzachita manyazi, adzawakhululukira, ndipo sabata isanathe zikhomo zidzabwerera pamene zinali, chifukwa dothi labwino lili kumpoto ndipo injiniya anali atatsutsa kale zosuntha mzere. Akapanda kukatulutsa, zikhomo sizidzabwerera.

Anatsitsa dzanja.

"Ndinazipukuta ndi thaulo limene ndinali nalo kumanda, bwana."

"Mwadala?"

"Mwadala."

"Basi? Mulibe china chonena?"

"Ndilibe."

A Gwatidzo anayang'ana pawindo. "Anthu anu a kumandawo sindiwakhudza. Mukawauze kuti sindiwakhudza. Koma inu ndikukupatsani masabata awiri. Muchoke pa pulazi yanga, ndipo musadzapondenso pano. Wamoyo kapena wakufa, sindikufunani pano."

Ananyamuka pa 6 Novembala, pa lole yonyamula feteleza imene inkabwerera yopanda katundu. Anthu a pa komboni anaima pamakomo awo. Ochepa okha ndiwo anabwera kudzawagwira chanza, chifukwa ena mwa ife tomwe anali atayamba kukhulupirira. Tsopano amakhala ku Chikonohono, ku Chinhoyi, m'chipinda chimodzi ndi mwana wawo wamkazi Annet ndi ana ake. Mkono wa a Gwatidzo unachira patatha masabata atatu. Ndodo zija bwanayo anazipereka kwa wophika wa ku kalabu, amene anazitsuka ndi sopo n'kupeza kuti zilibe vuto, koma palibe amene anamufunsa.

Ndinapita kukawaona mu Juni, nthawi yozizira. Ndinawapeza atakhala padzuwa kuseri kwa nyumba, atafunda bulangete, akutsokomola kwambiri kuposa kale. Ndinawauza kuti ndikhoza kulemba kalata kwa a Gwatidzo yofotokoza zonse mwadongosolo, ndipo mwina angawalole kubwerera.

"Mukalemba, tirigu adzamera pa Lestina," anatero. "Musalembe kwa iwo. Mukafuna kulemba, lembani m'chinenero chathu, musinthe maina."

Ndatero. Kenako anandifunsa za kumpoto, kumanda kuja, ndipo ndinawauza zimene ndinaona. A Gwatidzo anazunguliza manda onse ndi waya waminga wa mizere isanu ndi umodzi, pa mitengo yachitsulo yokhomedwa mu simenti. Ndinauzungulira kawiri kufuna polowera. Mpandawo ulibe chipata. Mu Epulo mwana wina wa pa komboni anamwalira, ndipo panalibe amene analimba mtima kukapempha kuti waya udulidwe. Anakamuika ku manda a ku Banket.

A Khembo anakokera bulangete m'mapewa. Annet anatuluka ndi tiyi, n'kuwauza kuti alowe m'nyumba chifukwa mphepo yayamba.

"Kuno ku tauni," anandifunsa, osayang'ana mwana wawoyo, "amakumba manda ndi anthu kapena ndi makina?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa, koma ndikafunsa.